Masana Opuma a Changu

"Ayi mayi, za bambo anu ndamva," anatero namwino wophunzitsa. "Ndikufunsa za inuyo. Inuyo mumagona bwanji?"

Changu anayankha kuti amagona bwino ndithu, kungoti ukachedwa kuwatembenuza msana umawapweteka, ndiye pamafunika kuwaikira pilo pakati pa mawondo. Holo yonse inafa nacho chiseko. Iye anangoti maso mwazumwazu, osadziwa chaseketsa anthu, mpaka bambo ena adazi amene anakhala pambali pake anamunong'oneza kuti wayankhanso za odwala. Bambowa anthu ankangowatchula kuti aDalaivala, poti anayendetsa mabasi moyo wawo wonse asanayambe kusamala akazi awo amene anafa ziwalo mbali imodzi.

"Musachite manyazi, mayi," anatero aDalaivala. "Ine atandifunsa zaka zanga ndinatchula za akazi anga. Ndinadzichotsera zaka zingapo osadziwa."

Mipando ya pulasitiki inali itaikidwa mozungulira, ndipo pakona panali fani imene inkangopukusa mutu ngati ikukana mlandu, mphepo osatulutsa. Pabolodi panalembedwa kuti awa ndi maphunziro a umoyo wa m'maganizo kwa osamalira okalamba ndi aulumali. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatsamira mpando. Aliyense anakhala kunsonga, foni pamwendo, makutu ali kunyumba. Changu ndiye anasankha mpando wa pafupi ndi chitseko, chikwama osachichotsa paphewa.

Dzina limeneli anamupatsa ndi malemu mayi ake, chifukwa ali mwana ankadya ataimirira, ndipo ukamutuma ankathamanga usanamalize kunena chokagula. Atakula anagwira ntchito m'shopu yochapa ndi kusita zovala, kumene changu chinali ulemu. Malaya amene ena ankalimbana nawo iye ankangowadutsitsa simbi kawiri, kolala n'kuima njo. Ukwati wake unatha mwakachetechete monga amathera sopo, kumangochepa mpaka tsiku lina osapezanso chogwira. Mwana wake mmodzi yekhayo anakula n'kukapeza ntchito kutali. Choncho bambo ake atadwala sitiroko, achibale sanachite kukhalirana pansi kuti asankhe munthu. Onse anangoyang'ana kwa iye. Anapempha kuntchito milungu ingapo. Abwana anamusungira malo mpaka anatopa, simbi n'kupatsa wina.

Bambo akewo anali mmisiri wa matabwa. Tebulo, mipando, kabati, ngakhale chitseko cha bafa, zonse m'nyumbamo zinatuluka m'manja mwawo, kupatula bedi lachitsulo la zotchinga m'mbali limene anabwera nalo kuchokera kuchipatala. Akafuna kanthu ankamenya supuni pachitsulocho, ngwe ngwe ngwe, ndipo Changu ankasiya chilichonse, kaya ndi mpeni, kaya ndi mswachi uli m'kamwa. Kuwonjezera pa ziwalo, mutu nawo unayamba kutaya zinthu. Masiku ena ankamuzindikira. Masiku ena ankamuitana kuti mtsikana iwe, n'kumamudandaulira kuti ali ndi mwana wamkazi wouma mtima amene sabwera n'komwe kudzawaona. Changu ankavomereza kuti ana a masiku ano ndi otero, uku akuwapukuta kuseri kwa makutu.

Kumayiko ena ntchito yotereyi ili ndi yunifolomu ndi nthawi yoweruka, ndipo wina amabwera kudzakulandira. Koma munthu akafunsa kuti Changu akugwira kuti masiku ano, achibale ankayankha mosavuta kuti sakugwira ntchito, angokhala pakhomo.

Chimene chinamufikitsa m'holo muja ndi beseni. Tsiku lina m'mawa akusambitsa bambo ake, ananyamula beseni kuti akasinthe madzi, ndipo pakati pa chipinda ndi bafa kunangoda bii. Anatsitsimuka ali pansi, madzi ali ponseponse, mayi wa nyumba yoyandikana akumuwaza kumaso. Mayiyo anali atabwera chifukwa supuni inalira nthawi yaitali kuposa masiku onse. Nkhalamba ija inali gone pabedi, thupi lonyowa, sopo ataumira pachifuwa, ikunjenjemera. Kuchipatala anati magazi a Changu akuthamanga kwambiri, ndipo akapanda kupuma adzafunika mabedi achitsulo awiri.

Achimwene ake, amene ankakhala mumzinda wina wakutali n'kumatumiza mankhwala ndi matewera, atamva anachita mantha, ndipo mantha awo anatuluka ngati lamulo. Anati apeza nyumba yosungirako okalamba pafupi ndi kuntchito kwawo, yaukhondo, ya anamwino usana ndi usiku. Anati Changu asankhe: apite ku maphunziro amene achipatala anena n'kulola anthu ena kumuthandiza, apo ayi kumapeto kwa mwezi abwera ndi galimoto kudzatenga bambo. Changu ankadziwa kuti bambo ake akakagona pakati pa mipando imene sanaikhome okha, kotsala kam'mutu kaja kakabalalikiratu. Ndiye anapita ku maphunziro monga munthu amapitira kukazula dzino.

Namwino anali mayi wamfupi wosakweza mawu. Anawaphunzitsa kupuma mpweya pang'onopang'ono mtima ukakwera, ndi kutuluka m'chipinda kaye mkwiyo ukafika m'manja. Anatchula zizindikiro za munthu amene watopa m'maganizo: kusowa tulo ngakhale mpata ulipo, kupsa mtima ndi kanthu kachabe, kuiwala mphika pamoto, kuthawa anthu. Changu anazizindikira zonse monga umazindikirira zovala zako pachingwe cha eni. Kenako namwinoyo anawaika awiriawiri molingana ndi kumene amakhala. Anati kamodzi pamlungu wina azikakhala ndi wodwala wa mnzake masana onse, kuti mnzakeyo atuluke. Lamulo linali limodzi: masana amenewo si okagula mankhwala, si ochapa, si okaima pamzere kuchipatala. Ndi ako.

Changu anagwera aDalaivala. Anaonetsana makomo, n'kugwirizana kuti ayambe kupuma ndi Changuyo, pa tsiku limene mwana wamkazi wa aDalaivala amaweruka msanga n'kukhala ndi mayi ake.

Tsikulo aDalaivala anafika atapisira malaya, nyuzipepala kukhwapa. Changu anawayendetsa nyumba yonse. Anawaonetsa kapu ya mankhwala ndi kapu ya tiyi, thaulo la kumaso ndi thaulo la kwina, mbali imene bambo amatsamwa akamwa mofulumira. Anabwereza za pilo. Atayamba kachitatu, aDalaivala anamukumbutsa kuti iwo anayendetsapo basi yodzaza anthu ochokera ku mpira timu yawo italuza, ndiye munthu mmodzi wogona sangawagwetse m'ngalande. Nkhalamba ija inawayang'ana kuyambira kudazi mpaka kunsapato, n'kufunsa ngati abwera kudzatenga chitseko chimene anaoda. ADalaivala anavomera osaphethira, nakhala pansi n'kuyamba kudandaula kuti matabwa a masiku ano amapindika. Changu anapezeka ali panja, geti litatsekedwa kumbuyo kwake.

Anayenda ngati wachedwa. Anadutsa pometera, anadutsa pokonzera mafoni, anafika pamashopu asanaganize n'komwe kumene akupita. Chilichonse chimene maso ake anagwerapo chinali cha bambo: sopo wosayabwa, mafuta a zilonda za pamsana, masokosi osathina. Analowa m'kanyumba ka tiyi n'kuitanitsa kapu. Tiyi anabwera wotentha, wofuna kudikira, ndipo podikirapo anapezeka atatenga kansalu ka eni ake akupukuta tebulo loyandikana nalo. Mtsikana wogulitsa anamuyang'ana modabwa. Changu anasiya tiyi osamwa.

Anadziuza kuti angodutsa kwa aDalaivala kukapereka moni, poti ndi panjira, ngakhale sipanali panjira. Anapeza mwana wawo uja ali pampando, maso pafoni, wailesi yakanema ikudzilankhulira yokha. Mayi ake anali pachikuku pafupi ndi windo, kolala ya bulauzi itanyowa ndi malovu. Manja a Changu sanafunse mutu. Anati angowasintha bulauzi. Povula bulauzi anaona kuti kukhosi kwatuluka totupa ta thukuta, ndiye anateleka madzi. Atawasambitsa anawadzoza mafuta awo, anawawenga zikhadabo, anayalula bedi, nachapa nsalu zonse n'kuyanika. Mwana uja anangoima pakhomo la bafa atanyamula thaulo, nkhope ili ndwii, ngati mlendo m'nyumba ya mayi ake.

Pamene Changu ankawapesa tsitsi, mayi aja anamugwira dzanja ndi dzanja lawo lamoyo. Lilime lawo linali lolemera, mawu ankatuluka limodzilimodzi.

"Mwabwera kudzabisala kuno."

Changu anaseka, n'kuyang'ana mwana uja ngati akufuna womasulira. Koma anali atamva bwinobwino.

Atabwerera kunyumba, aDalaivala anayang'ana manja a diresi lake onyowa mpaka m'zigongono. Kenako mphuno yawo inagwira fungo la mafuta amene iwo eni amadzoza akazi awo tsiku ndi tsiku. Nthabwala zonse zinawathera. Anapinda nyuzipepala yawo mosamala.

"Nanga ine ndakhalira chiyani pano, mayi? Tangosinthana odwala basi?"

Anatuluka osadikira yankho. Bambo ake anali atadya, atatembenuzidwa, pilo ali pamalo pake, ali m'tulo. Supuni inali patebulo, ndipo mayi woyandikana naye uja anati sanaimve ikulira ngakhale kamodzi. Changu anadabwa kuti zimenezinso zamupweteka.

Madzulo achimwene ake anaimba kufunsa mmene kupuma kwayendera. Bodza Changu sankalitha, linkafuna kudekha. Anafotokoza zonse, mpaka nsalu zimene anayanika. Kenako achimwene akewo anati malo aja akadawasungirabe, ndipo iwo safuna kudzaika m'manda anthu awiri chaka chimodzi.

"Mukundikakamiza, achemwali," anatero, n'kudula.

Ku maphunziro otsatira aDalaivala anali atapola, ndipo nkhaniyo anaisandutsa sewero. Anayerekeza mmene Changu analowera m'nyumba mwawo ngati wapolisi wa zaukhondo, n'kunena kuti akanachedwa pang'ono akanapeza nayenso mwana wawo atasambitsidwa. Anthu anaseka mpaka misozi. Mayi wina wosamala mwana wake wosayenda anaulula kuti iye masana ake anawathera kuseri kwa nyumba yake yomwe, atakhala pachidebe pansi pa windo, akumvetsera ngati mnzakeyo akumudyetsa bwino. Wina anati anakwera minibasi n'kutsika pa siteji yoyamba.

Namwino anawasiya aseke. Atatha anati zimenezi sizachilendo, chifukwa munthu amene wathamanga nthawi yaitali akaima amayamba kumva zimene phokoso la ntchito linkabisa. Anati ambiri m'chipindamo, mwina onse, linawafikirapo ganizo limene sangauze mbale kapena m'busa, lolakalaka kuti zonsezi zingotha, wodwalayo apume, iwonso apume. Anati ganizo limenelo silitanthauza kuti chikondi chatha. Ndi kutopa kumene kwasowa pokhala. Wina anakonza kukhosi. Changu anayang'anitsitsa fani ija mpaka maso anawawa.

Mlungu wotsatira aDalaivala anabwera atakonzeka. Anati mwana wawo amulangiza kuti akaona diresi la Changu pamsewu akhome geti ndi loko, ndipo akazi awo alamula okha kuti asadzaonekenso kumeneko kufikira tsiku lake. Anatambasula dzanja kuti awapatse kiyi wa nyumba. Anati dzuwa likadali pamwamba satsegula, kaya agogode, kaya alire, kaya abwere ndi apolisi.

Changu anayendanso ngati wachedwa, koma ulendo uno analibe kolowera. Anazungulira mashopu, anazunguliranso. Miyendo itayamba kulemera anakhala pabenchi la pa siteji ya mabasi, kunsonga, chikwama paphewa. Makondakitala ankamuitanira malo osiyanasiyana, iye n'kumapukusa mutu. Mwadzidzidzi anamva ngwe ngwe ngwe, ndipo anadzambatuka asanaone kuti ndi munthu wokonza matayala kutsidya kwa msewu akumenya chitsulo. Anakhala pansi. Anaimanso kuti aone ngati foni ili ndi moto. Inali nawo. Anakhalanso.

Ndipo chinthu chija chinamupeza, pabenchi pomwepo, masanasana. Anakumbukira m'mawa wina, ndipo sunali umodzi, ataima pakhomo la chipinda cha bambo ake ndi kapu ya tiyi, m'katimo muli chete wosazolowereka. Mantha asanafike, kanthu kena kankayamba kufika, kopepuka, ngati munthu wakutula mtolo pamutu. Kenako bambo ankatsokomola, iye n'kulowa mothamanga, n'kugwira ntchito tsiku lonse ngati akulipira mlandu. Ulendo uno panalibe beseni loti anyamule. Anagwira m'mphepete mwa benchi, napuma monga anaphunzitsira namwino, kukoka mpweya, kuusunga, kuutulutsa pang'onopang'ono, ngakhale ankadziona ngati chitsiru. Misozi inatsika yokha. Mayi amene anakhala naye pabenchipo anangosuntha thumba lake kuti amupatse malo, osafunsa kanthu, mpaka basi yake inabwera.

Sizinamuphe. Mabasi anapitiriza kubwera ndi kupita. Patapita nthawi anazindikira kuti msana wake watsamira benchi, ndiponso kuti ali ndi njala, njala yakeyake, imene sanaimve kwa nthawi yaitali chifukwa ankangodya zotsala za bambo ataimirira pasinki.

Foni inalira. Anali achimwene ake, ndipo anayamba ndi kufunsa kumene ali.

"Pa siteji."

"Mukupita kuti?"

"Kulikonse ayi. Ndangokhala."

Achimwene akewo anaseka mosakhulupirira, n'kumuuza kuti akweze foni m'mwamba amve okha mabasiwo. Changu anaikweza. Kondakitala wina anakuwira pafupi penipeni ngati wachita kutumidwa. Atabweza foni kukhutu, mawu anatuluka asanawakonze.

"Ndatopa, achimwene."

Chiyambire matenda a bambo awo anali asanawauzepo zimenezi. Nthawi zonse ankati zonse zili bwino, angotumiza matewera. Kufoniko kunamveka mpando ukukokedwa, ngati munthu akukhala pansi. Changu anapitiriza mofulumira, kuopa kuti akaima sayambanso. Anati bambo sachoka m'nyumba mwawo. Anati aDalaivala azibwera, iyenso azipita kwawo pa tsiku lake lokha. Koma masana amodzi sakwanira, ndiye achimwenewo azibwera okha nthawi zina kumapeto kwa mlungu, osati kudzaima pakhomo la chipinda manja m'thumba n'kumafunsa ngati mankhwala alipo, koma kudzagona m'nyumbamo n'kusambitsa bambo awo.

"Ine sindidziwa kusambitsa munthu, achemwali."

"Inenso ndinkadziwa kusita malaya basi. ADalaivala akuphunzitsani, amakonda ophunzira."

Kenako achimwene akewo anafunsa ngati bambo angawazindikire. Changu anati mwina ayi, mwina adzawayesa munthu wodzagula kabati, ndipo zikatero angovomera n'kunenerera mtengo. Anamva akupumira m'mwamba. Anati kumapeto kwa mwezi abwerabe, koma galimoto aisiya, akwera basi, ndipo awakonzere pogona.

Atadula foni, Changu anagula buledi wotsekemera n'kudya atakhala pansi, mpaka nyenyeswa. Dzuwa linali lisanatsike mokwanira kuti aDalaivala atsegule. Anayenda m'mbali mwa mabenchi a ogulitsa, akuyesetsa kuchepetsa liwiro, miyendo ikukana. Patebulo lina mayi wina wonenepa ankagulitsa zipeso, timagalasi ta m'manja ndi timabotolo ta penti wa zikhadabo. Changu anaima. Ananyamula kamodzi kofiira moderako, n'kukabweza, n'kukanyamulanso.

Wogulitsayo anayang'ana manja ake osweka ndi sopo, zikhadabo zodulidwa mpaka pamnofu, n'kunena kuti manja otere pentiyo sachedwa kusupuka, asadzabwere kudzadandaula. Anatenga kabotolo kaja n'kukagwedeza, nati apake kawiri, ndipo akapaka akhale pansi zala zili tambasu, osagwira kanthu, ngakhale chitseko, ngakhale foni.

"Mpaka liti?" anafunsa Changu.

"Mpaka aume, mayi. Mukapupuluma mwaononga."

Changu analipira. Wogulitsa anafuna kukakulunga m'pepala, koma iye anakana, ndipo sanakaike m'chikwama. Anakafumbata m'manja njira yonse, kakutenthera m'chikhatho. Atafika pageti anamva mawu akutuluka pawindo, bambo ake akukalipira aDalaivala kuti munthu wanzeru sagula matabwa aawisi, aDalaivala akupepesa. Anakweza dzanja kuti agogode, n'kuona kuti ndi dzanja lomwe lili ndi kabotolo. Anakhala pamwala wa pambali pa geti, nayamba kukagwedeza monga anachitira wogulitsa uja, kakulira pang'onopang'ono m'kati.